Njinga Yamoto Ikamajeka: Zoyenera Kudziwa Musanagule Kabokosi Kosinthira Mafuta

Mwalowa m'tauni, mwachepetsa liwiro, muli pa giya yachitatu ndipo dzanja lagwira moto pamodzimodzi osasuntha. Koma njinga ikukana kuyenda mosalala. Ikukoka n'kusiya, kukoka n'kusiya, ngati wina akukugwirani malamba kumbuyo n'kumakutayani. Mayi amene mwawanyamula akungogunda chipewa chawo pa chanu. Mukakoka moto kwambiri vutolo likutha, mukabwerera pa liwiro la m'tauni layambiranso. M'magalaja mwathu amati njinga ikujeka. Pachingerezi vutoli amalitchula surging, ndipo mawu amenewa ndi amene mudzawaone pa zotsatsa malonda za timabokosi totchedwa tuner, timene amati timathetsa vutoli.

Timabokositi timagwiradi ntchito, koma pa nthenda imodzi yokha mwa nthenda zambiri zimene zimajeketsa njinga. Mtengo wake si wamasewera: tina ndi ta madola makumi angapo, tina ta mazana angapo, osawerengera zotumizira ndi msonkho wa pa chipata. Ndalama imeneyo imachoka pa thumba lomwelo la fetereza, lendi ndi fizi ya ana. N'chifukwa chake kabuku kano n'ka banja lonse, osati woyendetsa yekha. Amene amasunga ndalama za pakhomo ali ndi ufulu wofunsa kuti: kodi tatsimikiza kuti nthenda yake ndi imeneyi?

Yambani mwadziwa njinga yanu

Njinga zambiri za kabaza, monga Bajaj Boxer, TVS HLX, Lifan ndi SanLG, zimasakaniza petulo ndi mpweya pogwiritsa ntchito kabuleta. Kabuleta ilibe kompyuta, ilibe injekita, choncho palibe polumikiza tuner. Njinga yotere ikamajeka, kawirikawiri ndi kajeti kakang'ono ka m'kabuleta kamene katsekeka ndi zinyalala, sikuluwu ya mpweya yasunthika, kapena labala lolumikiza kabuleta ku injini lang'aluka. Makaniko wodziwa ntchito amakonza zimenezi tsiku limodzi. Wina akafuna kukugulitsani kabokosi ka magetsi koti mumange pa njinga ya kabuleta kuti kasinthe mafuta, musunge ndalama yanu.

Njinga ya injekita mudzaizindikira motere. Mukatembenuza kiyi, musanalize injini, mumamva kaphokoso ka pampu m'thanki kwa masekondi awiri kapena atatu. Pa dashibodi pamayaka kanyale ka chithunzi cha injini kapena kolembedwa FI. Nthawi zambiri sipakhala kampopi kotsegulira petulo pansi pa thanki. Ndipo pa payipi ya ekizozi, pafupi ndi injini, pamakhala kachitsulo kolowetsedwa ngati pulagi, kotuluka waya. Kameneko ndi sensa ya okosijeni, ndipo nkhani yathu yonse yagona pamenepo.

Njinga zotere zikuchuluka chaka ndi chaka. Ku Ulaya malamulo a utsi akhala akukhwima: Euro 3 mu 2006, Euro 4 mu 2016 ndi Euro 5 mu 2020. Ku India lamulo la BS6 linayamba pa 1 Epulo 2020, ndipo linachititsa kuti ngakhale njinga zing'onozing'ono zambiri zogulitsidwa m'dzikomo zisiye kabuleta. Choncho njinga yakale yochokera ku Japan, Britain kapena South Africa, kaya ndi Honda CRF250L, KTM 390, Royal Enfield Himalayan kapena BMW GS, kawirikawiri imakhala ya injekita.

Chimene chimachitika m'kati

Kuti petulo apse yense bwinobwino, pamafunika makilogalamu 14.7 a mpweya pa kilogalamu imodzi ya petulo. Muyezo umenewu amaulemba kuti 14.7:1. Mpweya ukaposa apo, ndiye kuti mafuta aperewera. Ukachepera, mafuta achuluka. N'chimodzimodzi ufa ndi madzi mumphika: ufa ukachepa mwaphika phala, ukachuluka nsima yalimba. Kusiyana kwake n'kwakuti injini imakonda nsima yolimbirako pang'ono. Imakoka bwino kwambiri pa muyezo wa pafupifupi 13:1, pomwe chosefera utsi cha mu ekizozi, chotchedwa catalytic converter, chimafuna 14.7:1 kuti chigwire ntchito yake. Opanga njinga amakakamizika kukondweretsa chosefera utsicho, chifukwa njinga yolephera mayeso a utsi siloledwa kugulitsidwa.

Kompyuta ya njinga, imene amaitcha ECU, imagawa mafuta m'njira ziwiri, ndipo mukamvetsa njira ziwirizi simudzagula chinthu cholakwika.

Njira yoyamba ndi yotsata mapu. Injini ikakhala yozizira, mukamakoka moto mwadzidzidzi, kapena mukatsegula moto wonse pokwera chitunda, kompyuta imawerenga mndandanda wa manambala umene anaulemba ku fakitale n'kuthira mafuta amene mndandandawo wanena. Simafunsa sensa ya okosijeni. Ogulitsa amaitcha open loop.

Njira yachiwiri ndi yomvera sensa. Injini ikatentha, inu n'kugwira moto pang'ono pamodzimodzi, kompyuta imayamba kumvera sensa ya mu ekizozi ija. Sensayi siidziwa kunena kuti mafuta aperewera mochuluka bwanji. Imangodziwa mawu awiri: aperewera, achuluka. Mafuta akaperewera imatulutsa magetsi a pafupifupi 0.1 volt, akachuluka pafupifupi 0.9 volt, ndipo malire ake ali pa 0.45 volt. Ndiye kompyuta imachita ngati wophika amene akulawa ndiwo: yamva kuti mchere wachepa, yawonjezera, yamva kuti wachuluka, yachepetsa, kubwerezabwereza osalekeza. Imeneyi ndiye closed loop.

Pa galimoto ya masilinda anayi yolemera tani imodzi, kukwera ndi kutsika kumeneku simungakumve. Koma pa njinga ya silinda imodzi yaikulu kapena awiri, kuphulika kulikonse kumamveka m'thupi. Mafuta akatsikira kumunsi, moto wa mu silinda umayaka mofooka, njinga n'kusiya. Akakwera, umayaka mwamphamvu, njinga n'kukoka. Kujeka kwenikweni kumene tuner ingachize n'kumeneku, ndipo kumakonda kuoneka injini ikamazungulira pakati pa maulendo 2,500 ndi 4,000 pa mphindi (rpm).

Si vuto la njinga zotsika mtengo ayi. BMW itatulutsa R1100RS mu 1993, ndi zinzake za injini yomweyo zokhala ndi kompyuta ya Bosch Motronic, eni ake ambiri anadandaula za kujeka kwa zaka ndithu. Cha m'ma 2003 kampaniyo inayamba kuika mapulagi awiri pa silinda iliyonse ya R1150 kuti mafuta operewerawo aziyaka bwino. Yamaha XT660, imene inatuluka mu 2004, nayonso inatchuka ndi khalidwe lomweli pa liwiro lotsika. Koma chimene eni BMW zija anaphunzira n'chofunika kwa ife: njinga zambiri zinkachira, kapena kupezako bwino kwambiri, akangoseta mavavu molondola ndi kulinganiza mpweya wolowa m'masilinda awiriwo, osagula kabokosi kalikonse.

Nthenda zina zovala nkhope yomweyo

Pano ndikhalitsapo, chifukwa ndi pamene ndalama zambiri zimatayikira. Tuner imawonjezera mafuta. Mafuta owonjezera amatha kubisa nthenda ina kwa miyezi ingapo, nthendayo ikukulirakulira pansi.

Yambani ndi tcheni, chinthu chimene sichikhudzana n'komwe ndi mafuta. Tcheni chotha chimakhala cholimba pena, chokhwepa pena. Imikani njinga tayala lakumbuyo lili m'mwamba, lizungulizeni pang'onopang'ono mukuyesa tcheni ndi chala malo osiyanasiyana. Chikamasinthasintha kulimba kwake, kujeka kungakhale kukuchokera pamenepo. Onaninso malabala a m'kati mwa habu ya tayala lakumbuyo: gwirani sipuloketi n'kuigwedeza kutsogolo ndi kumbuyo. Ikamasewera, malabalawo atha.

Kenako mpweya wakuba. Labala lolumikiza polowera mpweya (throttle body) ku injini limauma ndi kung'aluka chifukwa cha dzuwa ndi ukalamba, ndipo mpweya wolowera pa mng'alu kompyuta siuwerengera bwino. Liunikeni ndi tochi mbali zonse, makamaka kunsi, ndipo mangitsani zomangira zake. Ekizozi yotayitsa utsi pakati pa injini ndi sensa imachitanso chimodzimodzi: imayamwa mpweya wakunja n'kunamiza sensa.

Sefa ya mpweya, mapulagi ndi zisoti zake, komanso mpata wa mavavu, zonsezi ziyenera kukhala monga buku la njingayo linenera. Ngati simukudziwa kuti mavavu anasetedwa liti, ndiye kuti nthawi yake yakwana. Pa njinga ya masilinda awiri kapena kuposa, makaniko alinganize mpweya wa masilindawo ndi geji, osati ndi khutu lokha.

Tsopano petulo weniweniyo. Aliyense amene anakhalapo pa mzere wa mafuta akudziwa kuti masiku ovuta munthu amagula wa m'zigubu ndi m'mabotolo m'mbali mwa msewu. Petulo wotere amatha kukhala ndi madzi, fumbi, ngakhale parafini. Kabuleta imapirira zambiri, koma timabowo ta injekita n'tating'ono kwambiri, ndipo pampu yake imafuna kukankha mafuta ndi mphamvu ya pafupifupi 3 bar pa njinga zambiri. Sefa ya petulo ikatsekeka, mphamvuyo imatsika, mafuta amaperewera, njinga n'kumajeka. Tsanulirani petulo pang'ono m'botolo lagalasi loyera, mulisiye kwa mphindi khumi. Madzi akakhalamo amakhazikika pansi mooneka.

Pomaliza magetsi. Batire labwino limaonetsa pafupifupi 12.6 volt injini itazima, ndi pakati pa 13.5 ndi 14.5 volt injini ikulira. Waya wa ethi wochita dzimbiri amasokoneza masensa onse nthawi imodzi. Ndipo ngati kanyale ka injini kakuyaka mukuyenda, kompyuta ikukuuzani kuti yapeza cholakwika. Pezani wokhala ndi makina owerengera uthengawo musanachite china chilichonse. Njinga za Euro 4 ndi Euro 5 zili ndi polumikizira makina oterowo.

Mayeso amene mungachite nokha

Mukamaliza zonsezo njinga n'kumajekabe, yesani izi pa msewu wopanda anthu ambiri.

Lizani njinga m'mawa injini ili yozizira, muyende mphindi ziwiri zoyambirira pa liwiro lomwe imajekera. Sensa ya okosijeni siyamba ntchito mpaka itatentha kupitirira madigiri 300, choncho poyambapo kompyuta imakhala ikutsata mapu. Ngati njinga ikuyenda mosalala ili yozizira, n'kuyamba kujeka itatentha, chala chikuloza ku nthawi yomvera sensa. Ngati ikujeka kuyambira pachipata, bwererani ku tcheni, mpweya wakuba ndi petulo.

Ikayamba kujeka, kokani moto mwamphamvuko. Kujeka kwa mafuta operewera kumatha nthawi yomweyo. Koma njinga ikamatsamwa kwambiri pamene mukuipatsa moto, vuto ndi pampu, sefa kapena moto wa pulagi, ndipo tuner singathandize.

Yeso lachitatu muchite ndi makaniko. Injini itazima, azule pulagi ya waya wa sensa ya okosijeni, muyende makilomita ochepa. Kanyale ka injini kayaka, ndipo pa njinga zina uthengawo umafunika kufufutidwa ndi makina pambuyo pake. Popanda sensa kompyuta imabwerera ku mapu. Kujeka kukatha, mwaigwira nthenda. Bwezerani wayayo tsiku lomwelo. Dziwaninso kuti sensa yokalamba imachedwa kuyankha, n'kukulitsa kukwera ndi kutsika kuja. Pa njinga yoyenda makilomita ambiri, sensa yatsopano ingakhale mankhwala okwanira.

Lembani pa pepala pamene kujeka kumachitikira: giya yake, ma rpm ake, injini yotentha kapena yozizira. Pepala limeneli ndi limene mupite nalo kumsika.

Mitundu ya timabokosi

Mayina ndi ambiri, koma kagwiridwe ntchito kake n'kosavuta kukamvetsa mukafunsa funso limodzi: kabokosika kakunamiza ndani?

Tina timanamiza kompyuta za kutentha kwa mpweya. Kodziwika kwambiri ndi BoosterPlug ya ku Denmark. Kamalumikizidwa pa sensa ya kutentha kwa mpweya n'kuuza kompyuta kuti kunja kwazizira ndi madigiri 20 kuposa mmene kulili. Mpweya wozizira ndi wolemera, ndiye kompyuta imawonjezera mafuta ndi pafupifupi 6 peresenti. Kuika kwake n'kosavuta, palibe choseta. Koma kumbukirani wophika uja. Pa nthawi yomvera sensa, kompyuta ikangomva kuti mafuta achuluka imawachotsanso. Choncho mtundu uwu umathandiza pa kunyamuka, pa kutsegula ndi kutseka moto, ndi pa njinga yokonda kuzima pa mphambano. Ngati pepala lanu likuti kujeka kumabwera moto mutaugwira pamodzimodzi injini itatentha, musayembekezere zambiri.

Tina timanamiza kompyuta za uthenga wa sensa ya okosijeni. AF-XIED ya ku America, Rapid Bike Easy ya kampani ya Dimsport ku Italy, ndi FuelX ya Race Dynamics ku Bengaluru, India, zili m'gulu ili. Timakhala pakati pa sensa ndi kompyuta, n'kusintha uthengawo kuti kompyuta izisunga muyezo wonenepako, monga 13.8:1 m'malo mwa 14.7:1. Wophika akulawabe, koma lilime lake lasinthidwa kuti lizikonda mchere wochulukirako pang'ono. Kwa munthu amene njinga yake ili monga inachokera ku fakitale, ndipo mayeso aja aloza nthawi yomvera sensa, ine ndimalangiza mtundu uwu. Umagwira pamalo penipeni pamene pali nthenda, ndipo kompyuta imapitiriza kudzikonza yokha mukakwera ku Dedza kapena kutsikira ku Nsanje. Umafuna kuleza mtima: kompyuta zina zimatenga maulendo angapo kuti zizolowere.

Palinso kachinthu kotchipa kongolowa m'malo mwa sensa, kuti kompyuta isamamve chilichonse cha mu ekizozi. Pa njinga zina zakale kamathandiza. Pa zatsopano, makamaka za Euro 5, kompyuta imazindikira kuti sensa siikusintha uthenga, n'kuyatsa kanyale. Ndipo mwachotsa khutu lokhalo limene injini imamvera utsi wake.

Gulu lachitatu ndi la timabokosi tolowa pakati pa kompyuta ndi injekita, totalikitsa kapena kufupikitsa nthawi imene injekita imakhala yotsegula. Dzina lalikulu apa ndi Power Commander ya Dynojet ku America. Ili ndi mapu akeake: mizere ya ma rpm, mizati ya kuchuluka kwa moto, ndipo m'kabokosi kalikonse ka mapuwo mumalemba kuti mafuta awonjezeke kapena achepe ndi maperesenti angati. Ndi chida champhamvu, choyenera munthu amene wasintha ekizozi ndi sefa ya mpweya. Koma chili ndi misampha iwiri. Woyamba: chimene mwawonjezera pa nthawi yomvera sensa, kompyuta ya njinga imachichotsa, pokhapokha mutagulanso kothandizira kosintha uthenga wa sensa. Anthu ambiri agula Power Commander kuti athetse kujeka, n'kupeza njinga yawonjezera mphamvu kumtunda koma m'tauni ikujekabe. Wachiwiri: chidachi chimaposa zinzake pokhapokha mapu ake akonzedwa pa njinga yanuyo, pa makina oyesera otchedwa dyno, kapena ndi chowonjezera chotchedwa Autotune chokhala ndi sensa yoyeza muyezo weniweni. Amene muli ku Johannesburg, Cape Town kapena Britain, malo a dyno mungawapeze. Ngati kwanu kulibe, EJK ya Dobeck Performance ndi yosavutirapo: ilibe kompyuta yolumikiza, ili ndi mabatani ndi timagetsi tobiriwira, tachikasu ndi tofiira, toimira kuyenda pang'onopang'ono, kukoka moto, ndi moto wonse.

Njira yomaliza si kabokosi, koma kulembanso mapu a m'kompyuta ya njinga yeniyeniyo. Woolich Racing ya ku Australia imapanga zida zochitira zimenezi pa njinga zambiri za ku Japan, ndipo eni Harley-Davidson amagwiritsa ntchito Vance & Hines Fuelpak kapena Dynojet Power Vision. Ikachitidwa ndi katswiri ndi njira yaukhondo kuposa zonse, chifukwa palibe mawaya owonjezera oti alowe madzi. Ikalakwika, kompyuta ingafe, njinga n'kukhala pakhonde miyezi kudikira ina. Musalole munthu kulemba mapu atsopano asanasunge akalewo n'kukupatsani.

Mapu a kwina, petulo wa kuno

Malawi ndi limodzi mwa mayiko amene anayamba kale kusakaniza petulo ndi ethanol. Fakitale ya ku Dwangwa inayamba mu 1982, ya PressCane ku Chikwawa mu 2004, zonse zikugwiritsa ntchito zotsalira za nzimbe. Ethanol ali ndi okosijeni m'thupi mwake, ndipo muyezo wake woyakira ndi pafupifupi 9:1. Petulo wokhala ndi ethanol 10 peresenti amafuna pafupifupi 14.1:1, kutanthauza kuti injini iyenera kulandira mafuta ochulukirako ndi maperesenti anayi kuti zinthu zifanane. Pa nthawi yomvera sensa kompyuta imadzikonza yokha. Koma mapu a Power Commander otengedwa pa intaneti anakonzedwa pa njinga ya munthu wina, ndi petulo wina, ekizozi ina, pa malo ena. Atengeni ngati poyambira chabe. Ichi n'chifukwa china chimene ndimakondera timabokosi tosiya sensa ikugwira ntchito.

Ethanol amakokanso chinyezi. Njinga yokhala miyezi osayenda, thanki ili theka, imasonkhanitsa madzi pansi. Ngati njinga ya m'bale wanu amene ali ku Joni yakhala m'nyumba chaka chonse ndipo tsopano ikujeka, tsukani thanki musanaganize za tuner.

Mafunso kwa wogulitsa

Safunsa anadya phula. Tumizani mafunso anu molemba, ndipo musunge mayankho.

Muuzeni dzina lonse la njinga, chaka chimene inapangidwa ndi dziko limene inagulitsidwa koyamba. Njinga ya dzina lomwelo imatha kukhala ndi kompyuta ndi mapulagi a mawaya osiyana pakati pa chaka china ndi chinzake, kapena pakati pa ya ku India ndi ya ku Ulaya. Jambulani pulagi ya sensa yanu ndi foni, mumutumizire.

Mufunseni mosazungulira: kodi kabokosika kamasintha mafuta pa closed loop? Yankho likakhala lozemba, kapena lingokamba za mphamvu ndi liwiro, dziwani kuti sikakuchizirani kujeka.

Funsani ngati kamalumikizidwa ndi mapulagi okhaokha popanda kudula waya. Waya wodulidwa n'kukulungidwa tepi sapirira mvula ya Januwale ndi matope a m'misewu yathu. Kolumikiza ndi mapulagi mungakazule m'mbali mwa msewu kakafa, n'kubwezera njinga mwakale, n'kukafika kunyumba.

Funsaninso ngati kuseta kwake kumafuna laputopu, foni kapena mabatani chabe, ndiponso ngati angakalandire mukakabweza. Timabokosi topanda dzina la wopanga, tolonjeza kuwonjezera mphamvu ndi kupulumutsa mafuta nthawi imodzi pa njinga ya mtundu uliwonse, tisiyeni. Kuchiza kujeka ndi kabokosi kumachitika powonjezera mafuta, ndipo wogulitsa wachilungamo amavomera zimenezo.

Mtengo wobisika

Kuchoka pa 14.7:1 kufika pa 13.8:1 ndi kuwonjezera mafuta ndi maperesenti pafupifupi 6 pa nthawi imene kabokosi kakugwira. Ena amabwezako pang'ono chifukwa njinga yosalala imalola kuyenda pa giya yapamwamba, koma powerengera ndalama za pakhomo, ikani kuti petulo akwera. Kwa munthu woyenda Loweruka lokha n'zochepa. Kwa wogawa katundu tsiku lonse, muwerengere pa mwezi musanagule.

Mukapitirira muyezo, zotsatira zake zimapweteka. Mapulagi amada, petulo wosapsa amatsikira mu oyilo n'kumuchepetsa mphamvu, ndipo chosefera utsi chimatentha mpaka kuwonongeka. Utsi woipa umachuluka, ndipo amene amaupuma ndi ana anu omwe pamene njinga ikulira pakhonde m'mawa. Musalize njinga m'nyumba kapena m'shedi yotseka, kaya ili ndi kabokosi kaya ilibe.

Njinga ikakhala yatsopano, ili pa galanti, pitani kaye kwa amene anakugulitsani. Opanga njinga nthawi zina amatulutsa mapu okonzedwa othetsa vuto lodziwika, ndipo kabokosi kachilendo kangakutayitseni galantiyo. Mayiko ena nkhaniyi imafika ku malamulo. Mu 2016 boma la America linalipiritsa Harley-Davidson madola 12 miliyoni chifukwa chogulitsa ma tuner pafupifupi 340,000 amene ankachulukitsa utsi pa misewu. Ku Britain, kusintha kotere muyenera kuuza a inshulansi. Mukabisa, angakane kulipira tsiku la ngozi.

Kuika ndi kuyesa

Musanaike, dzazani thanki, lembani makilomita, yendani monga mwa masiku onse, dzazaninso n'kulemba malita. Chitani kawiri kapena katatu kuti mudziwe mmene njinga imamwera isanasinthidwe.

Tsiku loika, injini ikhale yozizira ndipo muzule waya wa negetivu pa batire. Dutsitsani mawaya kutali ndi ekizozi ndi m'mphepete mwa zitsulo zakuthwa, muwamange kuti asakhuzike, ndipo mutembenuze chiwongolero mbali zonse kuona ngati sakukokeka. Waya wa ethi apite pamene malangizo anena, pa chitsulo chopalidwa bwino. Kabokosiko kakhale pansi pa mpando, pamalo posafika madzi.

Yambani ndi nambala yotsikitsitsa kapena imene wopanga walangiza. Yendani masiku angapo pa msewu womwe uja, pa giya ndi ma rpm a pa pepala lanu. Ngati kujeka kudakalipo, kwezani sitepe imodzi yokha, n'kuyendanso masiku angapo. Musasinthe zinthu ziwiri tsiku limodzi, chifukwa simudzadziwa chimene chathandiza. Kujeka kukangotha, imani pomwepo, ngakhale manambala apamwamba atatsala.

Pakatha makilomita 300 kapena 500, masulani pulagi yoyatsa moto muione. Yotuwa kapena yofiirira pang'ono ili bwino. Yakuda ngati mwaye wa mphika ikukuuzani kuti mutsitse sitepe. Nunkhizani oyilo pa kamtengo koyezera: fungo lamphamvu la petulo, kapena oyilo wokwera m'malo motsika, ndi chizindikiro choti muzule kabokosi n'kusintha oyiloyo. Yezaninso malita monga poyamba n'kufananiza.

Ngati mwafika pa nambala yapamwamba njinga ikujekabe, vuto silinali la kabokosi. Kazuleni, bwezerani mapulagi mwakale, mubwerere ku tcheni, labala la mpweya, pampu ndi mavavu. Bokosi lake, malangizo ndi lisiti zisungidwe pamodzi ndi mapepala a njinga, pamodzi ndi kapepala kolemba nambala imene munasiyira ndi tsiku lake, kuti makaniko wina kapena wodzagula njingayo adzadziwe chimene chili pansi pa mpando.